Woweruza amene anayamba walawa ndende

Ku Malawi ndi ku Zambia woweruza milandu sapempha voti kwa anthu. M'zigawo zambiri za dziko la America, kuphatikizapo Michigan, oweruza a makhoti a m'mizinda amachita kupikisana pachisankho monga aphungu. Ndi njira imeneyi imene inakhazika George Crockett Jr. pampando wa Recorder's Court, khoti lozenga milandu ya upandu mumzinda wa Detroit, mu 1966.

Crockett anabadwira ku Jacksonville, Florida, mu 1909, ndipo anamaliza maphunziro a zamalamulo pa yunivesite ya Michigan mu 1934. Mu 1949 anali mmodzi wa maloya oimira atsogoleri a chipani cha Chikomyunizimu pamlandu wotchuka ku New York. Woweruza Harold Medina anamupeza wolakwa pa mlandu wonyoza khoti, ndipo mu 1952 anakagwira ndende miyezi inayi. Loya wachikuda wambiri yotere sakadalota n'komwe zoti akuluakulu a boma angamuveke mkanjo wa woweruza. Anamuveka ndi ovota a mu Detroit, mzinda umene anthu achikuda anali kuchulukirachulukira.

Chiyeso chinafika usiku wa pa 29 Malichi 1969. Gulu la Republic of New Afrika linali ndi msonkhano m'tchalitchi cha New Bethel Baptist, chomwe m'busa wake anali C. L. Franklin, bambo wa woimba Aretha Franklin. Kunja kunalira mfuti. Wapolisi mmodzi anafa, wina anavulala. Apolisi anathyola chitseko akuwombera, nagwira onse amene anali m'katimo, anthu oposa 140, amayi ndi ana omwe.

Linali Lamlungu m'mamawa, makhoti ali otseka. Crockett sanadikire Lolemba. Anapita kupolisi, nasandutsa chipinda china kukhala khoti, naitanitsa ogwidwawo mmodzimmodzi. Funso lake linali losavuta: kodi pali umboni wanji wokhudza munthu uyu payekha? Pamene panalibe, munthuyo anamasulidwa, ndipo ambiri anabwerera kwawo tsiku lomwelo. Sanapeke lamulo latsopano ayi. Anangogwiritsa ntchito lakalekale lija loti womangidwa aonekere pamaso pa woweruza, boma lifotokoze chomwe lamumangira. Chachilendo chinali kuligwiritsa ntchito pa anthu achikuda, mtembo wa wapolisi usanaikidwe.

Mkwiyo unabuka. Apolisi anachita zionetsero, manyuzipepala anamudzudzula, andale ena anafuna kuti achotsedwe. Bungwe loona za khalidwe la oweruza ku Michigan linafufuza nkhaniyi, koma silinapeze chifukwa chomuchotsera. Otsutsa kusankha oweruza pavoti amati woweruza wotere amaweruza akuyang'ana khamu, ndipo nthawi zambiri sanama. Kwa Crockett zinatembenuka: amphamvu ambiri mumzinda anamuukira, koma mpando wake sunali m'manja mwawo. Mu 1972 ovota anamusankhanso, ndipo mu 1974 anakhala mkulu wa oweruza a khotilo. Anapuma mu 1978.

Mu 1980 anthu omwewo anamutumiza ku nyumba ya malamulo ku Washington. Kumeneko anatsogolera chigamulo chopempha boma la tsankho la South Africa kuti limasule Nelson Mandela. Anamwalira mu 1997, Mandela ali pulezidenti.