Kuseŵera Napolo M'tsinde mwa Michesi

Omvera athu, madzulo ano tikambirane za ntchito imodzi yovuta m'zisudzo za m'masukulu ndi m'midzi, ndiyo kuseŵera chilombo chimene oonerera amachiopa m'moyo weniweni. Ku Phalombe chilombo chotere ndi Napolo.

Makolo ankati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa mapiri, ndipo chikamasamukira kunyanja chimang'amba phiri, nichikokolola miyala, mitengo ndi midzi. Dzinali linamveka ponseponse mu Disembala 1946, pamene madzi anatsika m'phiri la Zomba nagumula milatho, ndipo a Paseli Brothers analiimba m'nyimbo yotchuka. Koma kwa anthu a ku Phalombe tsiku losaiŵalika ndi la 10 Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linatsanula matope ndi miyala, ina yaikulu ngati nyumba, ndipo anthu mazana angapo anafa. Nthaŵi imeneyo deralo linali m'boma la Mulanje. Linaima palokha mu 1998. Akatswiri amati dothi la m'mapiriŵa ndi lopyapyala, lokhala pa thanthwe lotsetsereka, kotero likakhuta mvula limaterereka lonse pakamodzi. Zimenezi nzoona, komabe namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, dzina la Napolo linabwereranso pakamwa pa anthu.

Tsono taganizani za mnyamata wa sekondale amene wapatsidwa gawo limeneli. Zisudzo za m'masukulu zinakula chifukwa cha mipikisano ya bungwe la ATEM kuyambira 1969, ndiponso gulu loyendayenda la Travelling Theatre la ku Chancellor College. Oseŵera ake salandira malipiro, nsanja yawo kaŵirikaŵiri ndi holo ya sukulu kapena bwalo la pansi pa mtengo, ndipo zovala ndi masaka ndi zitenje zobwereka.

Kalulu ndi Fisi savuta, pakuti aliyense amadziŵa mayendedwe awo. Nanga Napolo anamuona ndani? Woseŵera akadzikulunga m'masaka nayamba kukwaŵa, ana amangofa nazo nseko, mantha onse nkutha. Acheŵa anapeza nzeru yake kalekale m'Gule Wamkulu: zilombo monga Kasiyamaliro ndi Chimkoko zimalukidwa kudambwe, ndipo amene ali m'kati sadziŵika. Koma Phalombe ndi dziko la Alhomwe, kumene wovina tchopa amavina nkhope ili poyera, ndipo mwana wa sukulu alibe pobisala. Akangotulukira, amayi ena anong'oneza kale kuti uyo ndi mwana wa auje.

M'nthaŵi ya chipani chimodzi panali vuto lina. Lamulo la 1968 linkafuna kuti seŵero lililonse lionedwe ndi Censorship Board lisanaonetsedwe, choncho alembi ankabisa mawu awo m'nthano ndi m'mbiri yakale. Steve Chimombo analemba The Rainmaker, seŵero la nkhani ya Mbona, natulutsa Napolo Poems mu 1987, kenaka The Wrath of Napolo mu 2000, ndipo oŵerenga ambiri ankaona mwa Napolo wake mphamvu imene imameza anthu popanda wofunsa. Mlembi ankatha kunena kuti ndi nthano chabe. Woseŵera analibe chothaŵirako chotere, chifukwa kuyenda kwake, kakwezedwe ka mawu, ngakhale litchowa m'dzanja, zikanatha kumasuliridwa kuti akunyoza mwini dziko.

Lero mantha amenewo anachepa, koma latsala vuto lolemera koposa, la anthu okhala pa mabenchi. Pakati pawo pali agogo amene anataya ana mu 1991, ndi ena amene abale awo sanapezeke mu 2023. Kwa iwo Napolo si nthano. Woseŵera akachita nthabwala awalasa pa chilonda. Akaopseza mopitirira, maliro ayambiranso m'holomo. Ine ndimaona kuti gawo limeneli siliyenera thupi la munthu mmodzi. Kuli bwino ng'oma ziyambire kutali kuseri kwa holo, mkokomo uzikula pang'onopang'ono, ndipo ana khumi ofunda nsalu imodzi adutse pa nsanja kamodzi kokha, mofulumira, kusiya mphasa yopanda munthu ndi mphika wogubuduzika.