Pamene Baibulo Linaimbidwa Mlandu ku Zomba

M'tsinde mwa phiri la Zomba, kumene mtsinje wa Mulunguzi umatsikira m'tauni, mudakali nyumba zakale za njerwa zimene boma la atsamunda linkagwiriramo ntchito kuyambira m'chaka cha 1891. M'nyumba zimenezo munkakambidwa nkhani za msonkho, za malo ndi za asilikali. Koma m'chaka cha 1915 akuluakulu a m'menemo anavutika ndi nkhani ina yachilendo kwa anthu a boma. Funso lake linali lakuti: kodi munthu wakuda aloledwe kuŵerenga Baibulo payekha, ndi kulimasulira kwa anzake popanda Mzungu woyang'anira?

Chimene chinautsa funsoli nchodziŵika kwa omvera ambiri. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Mbusa John Chilembwe anaukira Azungu, napha William Jervis Livingstone, amene ankayang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa akuthaŵira cha kumalire a Mozambique. Tchalitchi chake chachikulu cha ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anachiphwasula ndi mabomba, ndipo anthu oposa 30 anaphedwa ataŵeruzidwa mofulumira. Nkhondoyo inatha msanga, koma mantha a Azungu sanathe. Chimene chinawadetsa nkhaŵa kwambiri nchakuti atsogoleri a chipolowecho sanali anthu osaphunzira. Mmodzi wa iwo, John Gray Kufa, anali mkulu wa mpingo ndiponso wothandiza madokotala, wophunzitsidwa ndi mishoni ya Blantyre yeniyeniyo.

Eni minda anafulumira kuloza chala. M'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, Alexander Livingstone Bruce anapempha kuti masukulu onse oyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda atsekedwe. Nkofunika kudziŵa kuti Bruce ameneyu anali mdzukulu wa David Livingstone, mwana wa mwana wake wamkazi Agnes, ndi kuti Magomero ndi malo amene Bishopu Mackenzie anamangapo mishoni yoyamba m'dziko muno m'chaka cha 1861. Pamalo omwewo mdzukulu wa Livingstone sankalola sukulu, ndipo nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe ankamanga zinkatenthedwa.

Bwanamkubwa Sir George Smith anakhazikitsa bungwe lofufuza, lotsogoleredwa ndi woŵeruza R. W. Lyall Grant. M'bungwemo munali akuluakulu a boma, woimira amalonda, ndi wansembe mmodzi wa mpingo wa Anglican, A. G. B. Glossop. Munthu wakuda munalibe. Komabe anthu akuda anaitanidwa kudzapereka umboni, ndipo ena anachita kulemba okha.

Maganizo a Azungu ambiri anali akuti Baibulo lili ngati mpeni wakuthwa m'manja mwa mwana. Ankati mphunzitsi wa kumudzi amatola vesi limodzi, kulichotsa pamalo pake, ndi kulisandutsa mfuu ya nkhondo. Mlanduwu unagwera makamaka mishoni za Chipulotesitanti, zimene zinkagulitsa Baibulo kwa aliyense wofuna. Mpingo wa Katolika, umene mishoni yake ya ku Nguludi inatenthedwa pa chipolowecho, unkaphunzitsa kuti Malembo ayenera kufika kwa mkhristu kudzera mwa wansembe, ndipo boma linaona kuti njira imeneyo njosaopsa.

Amene anaimirira kuyankha anali Dr Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre, yemwe anayambitsa mishoni ya Domasi, kuseri kwa phiri lomweli, m'chaka cha 1884. Atamufunsa ngati munthu wakuda angathe kumvetsa Malembo, iye anati angathe monga mkhristu wina aliyense. Atamufunsa ngati mphunzitsi sangapotoze vesi lotengedwa palokha, anavomera kuti angatero, koma anawonjeza kuti Mzungu nayenso angatero. Ndipo atamuuza kuti pali umboni wakuti aphunzitsi achikuda amakambirana mavesi paokha, iye sanaonepo cholakwa chilichonse. Mayankho ameneŵa anali aafupi, ndipo anawaŵaŵa ofunsawo, chifukwa anasonyeza kuti nkhaŵa yawo sinali pa kamasuliridwe ka Malembo ayi, koma pa khungu la womasulirayo.

Pamenepa mpofunika chilungamo. Mantha akuti vesi lingachotsedwe pamalo pake sanali opanda maziko konse. M'zaka za 1908 ndi 1909 Elliot Kenan Kamwana anabatiza anthu zikwi zambiri m'dera la Atonga ku Nkhata Bay, akulalikira chiphunzitso cha Watch Tower chakuti maufumu a dziko lino adzatha mu 1914. Chaka chimenecho anachipeza poŵerengetsa manambala a m'buku la Danieli. Koma amene anaŵerengetsa sanali Kamwana. Anali Charles Taze Russell, Mzungu wa ku America, ndipo chiphunzitsocho chinafika kwa Kamwana kudzera mwa Mzungu winanso, Joseph Booth. Tsono ngati kudumphadumpha m'mavesi kunali matenda, matendawo anabwera pa sitima ya pamadzi.

Ndipo panalinso kusankha mavesi kwa mtundu wina kumene bungwelo silinakufufuze. Mwini munda ankakonda mutu 13 wa kalata ya kwa Aroma, umene umakamba za kumvera olamulira, ndi mau a kwa Aefeso olangiza akapolo. Sankapitirira kuŵerenga mzere wotsatira, umene umachenjeza ambuye a akapolowo. Mlomwe amene anathaŵa nkhanza za Apwitikizi n'kudzakhala pa esiteti ya Bruce ankagwira thangata, mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wolipirira msonkho, ndipo miyeziyo inkatalikitsidwa monga mmene kapitao wafunira. Munthu wotero akamva mutu 5 wa kalata ya Yakobo, umene umadzudzula olemera obisa malipiro a anthu okolola m'minda mwawo, sankasoŵa womasulira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kalatayo inalembedwera anthu a moyo wofanana ndi wake, ndipo tinganene kuti iye ankaimva pamalo pake penipeni kuposa bwana wokhala pakhonde.

Izi ndi zimene mboni zachikuda zinayesa kufotokoza. Abusa Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anali oyamba kudzozedwa ndi mishoni ya Blantyre mu 1911, sanaloŵe nawo m'chipolowe ndipo sanachivomereze. Koma iwo pamodzi ndi mboni zina sanabise madandaulo a anthu: thangata, kumenyedwa, kunyozedwa kwa munthu wophunzira, ndi lamulo losalembedwa lakuti wakuda avule chipeŵa akaona Mzungu, ngakhale Mzunguyo osabweza moni. Nkhani ya chipeŵa ingaoneke yaing'ono lero, koma inabwera mobwerezabwereza mu umboniwo. Munthu amene Lamulungu wamva kuti anapangidwa m'chifanizo cha Mulungu, Lolemba n'kugwetsedwa chipeŵa pamsewu, amayamba kufunsa kuti choona nchiti.

Mafunso otere sanalekere pa boma pokha. Analoŵanso m'tchalitchi. Booth, amene anafika m'dziko muno mu 1892 ndipo anapita ndi Chilembwe ku America mu 1897, anazoloŵeza ophunzira ake kufunsa za mwambo uliwonse kuti walembedwa pati. Kupembedza Lamulungu m'malo mwa Loŵeruka kwalembedwa pati? Nanga kubatiza makanda? Nanga kudikira zaka zambiri m'kalasi munthu asanabatizidwe, pamene nduna ya ku Itiyopiya ya m'buku la Machitidwe inabatizidwa tsiku lomwelo? Ena mwa mayankho awo anali osazama, ndipo Booth mwiniyo anasintha mipingo kangapo. Koma mafunsowo anaonetsa kuti zina zimene amishoni anabweretsa zinali za m'Malembo, ndipo zina zinali chabe miyambo ya ku Scotland, ku England kapena ku Cape. Ngakhale Hetherwick, amene anateteza bwino chotere ufulu woŵerenga, sanafulumire kugaŵana ulamuliro wa mpingo ndi oŵerengawo. Ndalama ndi mphamvu zinakhalabe m'manja mwa bungwe la amishoni mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Chodabwitsa china nchakuti pamene mkanganowu unkachitika, Baibulo lathunthu la Chinyanja chogwirizana linali lisanatuluke. Ntchito yolimasulira inayamba mu 1900, motsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, Hetherwick ali mmodzi wa othandiza. Chipangano Chatsopano chinali chitafika kale m'manja mwa anthu, koma Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa mu 1922. Eksodo, Amosi ndi Yesaya, mabuku amene amalankhula mosapsatira za kupondereza amphaŵi, anthu wamba ambiri anadzawaŵerenga m'chinenero chawo patapita zaka zisanu ndi ziŵiri chichitikire chipolowe.

Lipoti la bungwelo linasindikizidwa ku Zomba mu 1916. Linavomera kuti pa minda ya Bruce panali nkhanza, koma linaika mlandu waukulu pa mipingo yaing'ono yopanda Mzungu woyang'anira ndi pa mabuku achipembedzo ochokera kunja. Masukulu a mishoni zikuluzikulu sanatsekedwe. Kamwana, amene sanamenye nawo nkhondoyo, anatumizidwa ku zilumba za m'nyanja ya India ndipo anabwerera mu 1937. Mishoni ya Chilembwe inakhala yotsekedwa mpaka Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso mu 1926. Umboni wa mbonizo unagona m'mafailo zaka zambiri, kufikira katswiri wa mbiri yakale John McCracken anausonkhanitsa m'buku mu 2015.

Zomba yomweyo inadzasanduka malo ophunzirirako Malembo mozama. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, ndipo Zomba Theological College inatsegulidwa mu 1977. Kumeneko zidzukulu za anthu amene ankakayikiridwa aja zinayamba kuphunzira Chihebri ndi Chigriki, ndi kufunsa kuti kalata iliyonse inalembedwa ndi yani, kwa yani, ndipo pa vuto lotani.

Mlandu suola. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munaŵerengedwa kalata ya mabishopu yokamba za malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu ndi mantha olankhula. Mmodzi wa osayina anali Bishopu Allan Chamgwera wa ku Zomba. Boma, limene tsopano linali la anthu akuda, linati kalatayo njoukira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kuivomereza, ndipo koleji inatsekedwa. Mpingo umene unalemba kalatayo ndi womwe uja boma la 1915 linauona kuti ngwosaopsa, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka imene inatenthedwa chifukwa cha kalatayo inali ya ansembe a Montfort, eni mishoni ya Nguludi.