Matenda a M'khutu Akafika pa Minyewa ya M'mutu

Matenda a m'kati mwa khutu nthawi zambiri amatha bwinobwino. Koma mwa apo ndi apo, tizilombo timalowerera m'fupa la chigaza n'kukhudza minyewa yochokera ku ubongo yomwe imadutsa pafupi ndi khutu.

Mnyewa woyendetsa nkhope ukatupa, pakamwa pamapotoka ndipo diso la mbali imeneyo silitsekeka. Vuto lina, lomwe dokotala wa ku Italy, Giuseppe Gradenigo, analifotokoza mu 1904, lili ndi zizindikiro zitatu: mafinya m'khutu, ululu kuseri kwa diso, komanso kuona zinthu ziwiriziwiri.

Mukaona zimenezi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa matendawa atha kufika ku ubongo. Madokotala amapereka mankhwala opha tizilombo kudzera mu diripi, ndipo nthawi zina amachita opaleshoni.