Sikelo Yoyezera Sukulu za Ukachenjede

Mwana wa mlongo wanga atamaliza digiri yake yoyamba, adapeza malo m'sukulu ziwiri za ukachenjede za kunja. Tsiku lina madzulo adandipeza pakhonde, foni ili m'manja, nati, "Amalume, nkhani yatha kale. Iyi ili kumtunda kwa mndandanda, inayi ili kumchira." Yakumtundayo idali yokwera mtengo kwambiri, ndipo ndalama zoonjezera zidayenera kutuluka m'matumba mwa ife abale. Ndidamufunsa kuti mndandandawo adalemba ndani, nanga adayeza chiyani. Mnyamatayo adangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Inenso yankho ndidalibe. Komabe pa zaka zimene ndagwira ntchito yolemba malipoti m'boma, ndidaphunzira kuti nambala iliyonse ili ndi mwini wake amene adaibereka pa zifukwa zake. Choncho ndidayamba kulondola mapazi a mindandanda imeneyi kuti ndione kumene idachokera.

Mapaziwo adandifikitsa ku America. M'chaka cha 1906, James McKeen Cattell, katswiri wa za maganizo a munthu pa yunivesite ya Columbia, adatulutsa buku la maina a akatswiri a sayansi a m'dzikolo, naika chizindikiro cha nyenyezi pa maina 1,000 a amene ankaoneka opambana. Pofika 1910 adandandalika sukulu molingana ndi kuchuluka kwa anthu a nyenyeziwo. Funso lake lidali lakuti, kodi akatswiri otchuka adaunjikana kuti? Za mmene wophunzira wa chaka choyamba amaphunzitsidwira sizidali m'mutu mwake.

Nkhaniyi idakhala ya akatswiri okhaokha mpaka m'chaka cha 1983, pamene magazini ya U.S. News & World Report, imene inkatsalira m'mbuyo mwa Time ndi Newsweek pa malonda, idafunsa akuluakulu a sukulu za ukachenjede kuti atchule sukulu zimene ankaziona kuti ndi zabwino koposa. Stanford idatuluka yoyamba. Magaziniyo idagulidwa kwambiri, ndipo eni ake adazindikira kuti apeza mgodi. Tsono taganizani: mkulu wa sukulu imodzi angadziwe bwanji zochitika m'makalasi a sukulu mazanamazana zimene sadapondeko phazi? Ankangotchula maina amene adawamva. Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Anthu atadandaula, a magaziniyo adaonjezamo manambala: magiredi a mayeso olowera, ndalama zimene sukulu imagwiritsa ntchito pa wophunzira mmodzi, chiwerengero cha amene amamaliza maphunziro, ngakhalenso zopereka za ophunzira akale. Kwa zaka zambiri sukulu inkakweranso chifukwa cha kuchuluka kwa ana amene yawakana. Ichi chimandiseketsa pang'ono, pakuti chili ngati kutama chipatala poona odwala amene chawabweza pachipata. M'chaka cha 1999 adasintha kawerengedwe ka ndalama zija, ndipo sukulu ya Caltech idalumpha kuchoka pa nambala 9 kufika pa nambala 1. Chaka chotsatira adakonzanso kawerengedweko, Caltech nkutsikira pa nambala 4. Aphunzitsi adali omwewo, nyumba zomwezo. Chidasintha ndi sikelo basi.

Mndandanda woyamba wotchuka wa dziko lonse udabadwira ku China m'chaka cha 2003, pa yunivesite ya Shanghai Jiao Tong, pansi pa utsogoleri wa Liu Nian Cai. Boma la China linkathira ndalama zambiri m'mayunivesite ake, ndipo gulu la Liu lidafuna kudziwa kutalika kwa mtunda umene udalipo pakati pa sukulu zawo ndi zikuluzikulu za kunja, makamaka pa kafukufuku wa sayansi. Adasankha zinthu zimene akadatha kuwerenga ali ku Shanghai komweko osapempha munthu. Pa magawo 100 alionse, 30 amachokera ku mphoto za Nobel ndi Fields zimene aphunzitsi ndi ophunzira akale adalandira, 20 ku nkhani zofalitsidwa m'magazini awiri okha a sayansi, Nature ndi Science, ndipo otsalawo pafupifupi onse ndi a kafukufukunso. Kunena chilungamo, sikelo imeneyi ndi yovuta kuibera, ndipo idayankha bwino funso la eni ake. Vuto lidadza pamene dziko lonse lidaitenga ngati yankho la funso la kholo lofunira mwana sukulu.

Ku Berlin zidafika poseketsa. Albert Einstein adalandira mphoto ya Nobel ya 1921 ali mumzindawo. Nkhondo yachiwiri itatha mzinda udagawika, yunivesite yakale idatsalira kum'mawa nkutchedwa Humboldt, ndipo kumadzulo kudabadwa Free University m'chaka cha 1948. Mndandanda wa ku Shanghai utatuluka, ziwirizi zidayamba kulimbirana Einstein ndi anzake ngati chuma cha masiye, pakuti mphoto za anthu omwalira kalekale zinkakweza kapena kutsitsa sukulu. A ku Shanghai atatopa ndi mkanganowo adazichotsa zonse ziwiri. Ku France nako boma lidalimbikitsa kuphatikiza sukulu zingapo kukhala chimphona chimodzi, ndipo m'chaka cha 2020 Paris-Saclay idaonekera pa nambala 14.

Ku London, nyuzipepala ya Times Higher Education Supplement idayamba mndandanda wake m'chaka cha 2004 mothandizana ndi kampani ya QS. Iwowa adabwezeretsa kandimverere uja, naikamonso chiwerengero cha ophunzira ochokera kunja. Chaka chimenecho University of Malaya ya ku Malaysia idapezeka pa nambala 89, ndipo kudali chikondwerero. Kenaka zidadziwika kuti nzika za Malaysia za mtundu wa Chitchaina ndi Chimwenye zidawerengedwa ngati alendo. Cholakwacho chitakonzedwa, m'chaka cha 2005 sukuluyo idagwera pa nambala 169, dziko lonse nkuyamba kufunsa chimene chidaonongeka. Times ndi QS adasiyana mu 2009, koma chaka chotsatira mndandanda watsopano wa Times udaika yunivesite ya Alexandria ya ku Egypt pa nambala 147, ndiponso pamwamba pa Harvard pa nkhani ya mmene akatswiri ena amatchulira kafukufuku wake. Gwero lake lidali makamaka munthu mmodzi amene ankafalitsa nkhani zambirimbiri m'magazini imene mkonzi wake adali iye mwini.

Awa adali maphunzo a oyeza. Koma oyezedwa nawonso adaphunzira kukanikiza chala pasikelo. Mkulu wa sukulu ya zamalonda pa yunivesite ya Temple adapezeka wolakwa m'khoti m'chaka cha 2021 chifukwa chopereka manambala abodza, ndipo adagamulidwa kukakhala kundende miyezi 14. Mu February 2022, Michael Thaddeus, mphunzitsi wa masamu pa Columbia, sukulu ya Cattell yomwe ija, adaonetsa poyera kuti manambala amene sukulu yakeyo inkapereka, monga a kukula kwa makalasi, sadali oona. Akuluakulu adavomera, ndipo Columbia idatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18. Ena adangokana kukwera pasikelo: Reed College mu 1995, sukulu za malamulo za Yale ndi Harvard mu 2022, Utrecht ya ku Netherlands ndi Rhodes ya ku South Africa mu 2023.

Chimene chimandiwawa ine monga wokonda zolemba m'chiyankhulo chathu ndi china. Nkhokwe zimene oyeza amawerengamo kafukufuku ndi zodzala ndi magazini a Chingerezi, ambiri mwa iwo a sayansi. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene akatswiri a ziyankhulo a pa Yunivesite ya Malawi adatulutsa m'chaka cha 2000 udatenga thukuta la anthu ambiri, ndipo aphunzitsi ndi alembi timaudalira, koma pasikelo ya ku Shanghai sulemera ngakhale ngati nthenga ya nkhuku. Mphunzitsi amene wasula anamwino ndi alangizi a zaulimi kwa zaka makumi atatu nayenso saonekapo.

Zonsezi ndidamufotokozera mnyamata uja. Adandimvetsera mwaulemu, kenaka nati, "Ndamva amalume, koma olemba anthu ntchito nawonso amawerenga mndandanda womwewu." Apa adandigwira pakamwa, pakuti ndi zoona ndithu. Tidangogwirizana zolembera makalata sukulu zonse ziwiri, kufunsa maina a amene amaphunzitsa phunziro lakelo, chiwerengero cha amene amamaliza pa nthawi yake, ndi mtengo wa malo ogona. Yakumchira idayankha mafunso onse atatu sabata yomweyo. Yakumtunda idatitumizira kabuku kokongola, nambala yake ya pamndandanda itadindidwa pachikuto m'zilembo zikuluzikulu. Makalata onse awiri adawatenga kupita nawo kwa amayi ake, ndipo mpaka lero akukambiranabe.