Mmene wapolisi analowera m'kalasi ku America

Olemba mbiri ambiri amaloza mzinda wa Flint, m'chigawo cha Michigan, kuti ndi kumene zinayambira. M'zaka za m'ma 1950 mzindawu unali pachimake. Mafakitale a galimoto a General Motors ankalemba anthu ntchito mwaunyinji, ndipo mabanja ankakhamukira kumeneko, ena mwa iwo anthu akuda othawa tsankho la kumwera kwa dzikolo. Akuluakulu a maphunziro ndi apolisi anagwirizana zoika wapolisi pasukulu kuti aziswera pomwepo ndi ana. Cholinga chimene ankanena chinali chomveka: mwana amuzolowere wapolisi, asamamuthawe, ndipo wapolisiyo azindikire msanga mwana amene wayamba kulowerera. Mizinda ina monga Tucson ndi Fresno inatengera nzeruyi m'zaka za m'ma 1960, komabe pofika 1975 sukulu imodzi yokha pa 100 zilizonse ndiyo inali ndi wapolisi. Pofika 2018 sukulu zotere zinali zitaposa theka. Tikatsata mbiri ya kukwera kumeneku tipeza kuti nthawi iliyonse imene chiwerengero chinalumpha, dziko linali litagwidwa ndi mantha, ndipo umboni wakuti njirayi imathandiza unkafunsidwa zinthu zitachitika kale. Amene asenza mtolo wa chisankho chimenechi ndi ana a m'mabanja osauka, ana akuda ndi ana olumala.

Mantha oyamba anali a mtundu. Khoti lalikulu litagamula mu 1954 kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu nkuphwanya malamulo, panatenga zaka zambiri za mikangano kuti chigamulocho chitsatidwe, ndipo m'mizinda ikuluikulu alonda ndi apolisi anayamba kuchuluka m'sukulu zimene ana akuda ndi a mabanja olankhula Chisipanishi anali ambiri. Kenaka kunabwera nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Mu 1983 mkulu wa apolisi ku Los Angeles, Daryl Gates, pamodzi ndi akuluakulu a sukulu za mumzindawo anayambitsa ndondomeko ya D.A.R.E., yoti wapolisi wovala yunifomu aziima kutsogolo kwa kalasi nkumaphunzitsa ana kukana chamba ndi mankhwala ena. Makolo anaikonda, andale anaikonda, ndipo inafalikira m'madera ambiri a dzikolo ngakhalenso kunja. Mu 2003 ofesi ya boma younika kayendetsedwe ka ndalama za dziko inasanthula kafukufuku amene analipo nkupeza kuti panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa ana amene anaphunzira D.A.R.E. ndi amene sanaphunzire pa nkhani yogwiritsa ntchito mankhwalawo. Zaka 20 zinali zitadutsa.

Kusintha kwakukulu kunachitika m'zaka za m'ma 1990. Milandu ya chiwawa ya achinyamata inakwera mpaka cha m'ma 1994, ndipo katswiri wina wa ndale, John DiIulio, analosera mu 1995 kuti kukubwera mbadwo wa anyamata opanda chisoni amene adzasautse dziko. Ulosiwo sunakwaniritsidwe, milandu ya achinyamata inayamba kutsika nthawi yomweyo, ndipo mwini wakeyo anadzavomera pambuyo pake kuti anaphonya. Koma malamulo anali atalembedwa. Lamulo la 1994 linalamula kuti mwana wopezeka ndi mfuti pasukulu achotsedwe kwa chaka chathunthu, ndipo madera ambiri anatambasula mzimu wosakhululukawu mpaka unafika pa ndewu, mwano ndi kujomba. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa ofesi yothandiza mizinda kulemba apolisi ambiri. Mu 1998 apolisi a mzinda wa New York anatenga udindo woyang'anira alonda onse a m'sukulu zamumzindawo. Ndiye pa 20 April 1999 anyamata awiri analowa ndi mfuti pasekondale ya Columbine ku Colorado nkupha anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi tsiku limenelo. Kuyambira chaka chimenecho kufika 2005 boma linatulutsa madola oposa 750 miliyoni olembera apolisi a m'sukulu oposa 6,500.

Kuti timvetse chimene wapolisi amasintha pasukulu, tione zimene zinachitika pasekondale ya Spring Valley ku South Carolina mu October 2015. Mtsikana wina wakuda wa zaka 16 anatulutsa foni m'kalasi ya masamu. Mphunzitsi anamuuza kuti apereke foniyo, iye anakana. Anamuuza kuti atuluke, anakananso. Kunabwera mmodzi wa akuluakulu a sukulu, mtsikanayo sanasunthe. Mkuluyo anaitana wapolisi wa pasukulupo. Wapolisiyo anamugwira m'khosi, namugubuduza chagada pamodzi ndi desiki yomwe, namukhwekhwereza mpaka kutsogolo kwa kalasi, nkumumanga maunyolo anzake akuonerera. Mnzake amene anajambula ndi kudzudzula zimenezi anamangidwanso, pa mlandu wosokoneza sukulu, umene unalidi m'malamulo a chigawocho. Wapolisiyo anachotsedwa ntchito koma sanaimbidwe mlandu, ndipo lamulolo linakonzedwa mu 2018. Anthu ambiri anakwiya ndi nkhanza za munthu mmodziyo, ndipo zinali zoyenera. Koma chimene chiyenera kutidetsa nkhawa koposa ndi njira imene nkhaniyo inadutsa. Mwana wokana kupereka foni ndi nkhani ya mwambo wa pasukulu, yofunika kuitana kholo, kupereka chibalo kapena kumuimika masiku angapo. Pakakhala wapolisi pakhonde, mphunzitsi wotopa amapeza njira yachidule, ndipo nkhani ya mwambo imasanduka mlandu wa kukhoti. Ku Texas, mpaka lamulo linaletsa mu 2013, apolisi a m'sukulu ankalembera ana matikiti opita nawo kukhoti chifukwa chosokoneza kalasi, kutukwana kapena kukankhana.

Ziwerengero za unduna wa maphunziro wa dzikolo za chaka cha 2015 mpaka 2016 zinasonyeza kuti ana akuda anali 15 pa ophunzira 100 alionse, koma anali 31 pa 100 alionse amene anaperekedwa kwa apolisi kapena kumangidwa pasukulu. Ana olumala anali 12 pa 100, koma pa operekedwa kwa apolisi anali 28. Katswiri wa zachuma Emily Weisburst anatsata ophunzira oposa 2.5 miliyoni ku Texas napeza kuti kumene kunafika ndalama zolembera apolisi a m'sukulu, zilango za ana osinkhukirapo amene sanafike kusekondale zinakwera, makamaka pa zolakwa zazing'ono, ndipo omaliza sekondale komanso olowa kukoleji anachepa. Kafukufuku wa Gary Sweeten wa 2006 anali atasonyeza kale kuti kumangidwa koyamba kumawirikiza pafupifupi kawiri mwayi wakuti mwana asiye sukulu, ndipo kukaonekera kukhoti kumauwirikiza pafupifupi kanayi. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mwana wa m'banja lopeza bwino akagwidwa, bambo ake amafika ndi loya dzuwa lisanalowe, ndipo nkhani imathera mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Mayi wolipidwa pa ola sangajombe kuntchito kuti akakhale tsiku lonse pabenchi ya khoti. Akalephera kulipira chindapusa mlandu umakula, mwana amaphonya makalasi, amatsalira m'mbuyo, ndipo dzina lake limakhala m'mabuku a khoti pamene adzafunefune ntchito kapena malo kukoleji.

Wina anganene kuti zonsezi nzopepuka poyerekeza ndi moyo wa mwana, ndipo ngati wapolisi angaletse munthu wamfuti kulowa pasukulu, mtengo uliwonse ndi woyenera. Palibe kholo lomwe lingapeputse mawu amenewa. Koma mbiri siikuwaikira kumbuyo. Pa Columbine panali wapolisi wamfuti wa pasukulupo. Pasekondale ya Marjory Stoneman Douglas ku Parkland, Florida, pamene anthu 17 anaphedwa pa 14 February 2018, wapolisi wa pasukulupo anaima panja osalowa m'nyumba imene kuwomberako kunkachitikira. Ku Uvalde, Texas, pa 24 May 2022, dera la sukululo linali ndi polisi yakeyake, kunasonkhana apolisi 376 a nthambi zosiyanasiyana, ndipo panatha mphindi 77 asanalowe m'kalasi. Ana 19 ndi aphunzitsi awiri anafa. Zoona, kwinakwake apolisi a m'sukulu analimba mtima nkupulumutsa miyoyo, ndipo ayenera ulemu. Koma kafukufuku wa dziko lonse amene Lucy Sorensen ndi anzake anatulutsa mu 2023 sanapeze umboni wakuti kukhalapo kwa wapolisi kumachepetsa kuwomberana m'sukulu. Chimene anapeza nchakuti kuimitsidwa sukulu, kuchotsedwa ndi kumangidwa zimakwera, ndipo zimakwera kwambiri pa ana akuda, anyamata ndi olumala.

Kafukufuku yemweyo anapezanso china chimene otsutsa apolisi sayenera kubisa: ndewu ndi ziopsezo zopanda mfuti zimachepa wapolisi akakhalapo. Apa ndiye pali mfundo yolimba ya mbali inayo, chifukwa mwana womenyedwa panjira ya kuchimbudzi, kapena wolandidwa ndalama ya chakudya, nthawi zambiri ndi wosauka yemweyo. M'madera ovuta makolo ambiri akuda amapempha okha kuti wapolisi akhalepo. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu May 2020, mzindawo pamodzi ndi Denver, Portland ndi Oakland anachotsa apolisi m'sukulu, monga Toronto ku Canada inachitira mu 2017. Denver inawabwezeretsa mu 2023 wophunzira atawombera akuluakulu awiri pasekondale ya East. Kuchotsa wapolisi popanda kuika china m'malo mwake kumasiya mwana wofooka pambalambanda. Funso loyenera kufunsa nlakuti bata limeneli silingapezeke mwa njira yosawonongera ana ena tsogolo, ndipo apa pali chiwerengero chowawa. Bungwe la American Civil Liberties Union linapeza mu 2019 kuti ana 14 miliyoni ankaphunzira m'sukulu zokhala ndi wapolisi koma zosowa mlangizi, namwino, katswiri wa za maganizo kapena wothandiza mabanja. Mwana amene wagona ndi njala, kapena waona amayi ake akumenyedwa usiku, amafika m'kalasi ali wolusa, ndipo munthu wamkulu amene sukulu yamukonzera ndi wonyamula maunyolo.

Enanso amati wapolisi wabwino amakhala ngati malume kwa ana opanda bambo, ndipo alipodi otere, ophunzitsa mpira madzulo ndi kugulira mwana nsapato ndi ndalama za m'thumba mwawo. Bungwe la apolisi a m'sukulu, limene linakhazikitsidwa mu 1991, limaphunzitsa kuti wapolisi akhale mphunzitsi, mlangizi ndi wosungitsa lamulo nthawi imodzi. Vuto lili poti maudindo atatuwa sayendera limodzi pa nthawi ya mavuto. Mwana akaulula kwa mlangizi kuti anasuta chamba, amalandira thandizo; akaulula zomwezo kwa wapolisi, wapereka umboni. Mwana wa zaka 13 sadziwa kuti akulankhula ndi uti mwa atatuwo, ndipo nkhani ya mnyamata wa msinkhu umenewu amene anafunsidwa mafunso ndi apolisi m'chipinda chotseka pasukulu ku North Carolina inafika kukhoti lalikulu, limene linagamula mu 2011 kuti msinkhu wa mwana uyenera kuganiziridwa poona ngati anali womasuka kutuluka. Nanga onena kuti ana akuda amamangidwa kwambiri chifukwa amalakwa kwambiri? Gulu la Sorensen linayerekeza sukulu za kumene apolisi anapata thandizo la ndalama ndi za kumene analiphonya pang'ono chabe. Ana anali ofanana, chimene chinasiyana ndi kubwera kwa wapolisi, ndipo zilango zinakwera pa gulu lina kuposa linzake. Milandu monga mwano ndi kusokoneza imadalira diso la woonayo, ndipo diso limenelo limaona mnyamata wakuda wamtali ngati munthu wamkulu woopsa pamene mnzake wa msinkhu womwewo limamuona ngati mwana.

Umboni wakuti vuto lagona pa malire a udindo ukuchokera kumene malirewo analembedwa. Ku Clayton County, Georgia, woweruza milandu ya ana Steven Teske anaona khoti lake likudzaza ndi ana obwera kuchokera m'sukulu apolisi ataikidwamo m'zaka za m'ma 1990, ambiri pa ndewu za pabwalo ndi phokoso. Mu 2004 anakhalitsa pansi apolisi ndi akuluakulu a sukulu, nagwirizana kuti pa zolakwa zazing'ono mwana ayambe wachenjezedwa, kachiwiri apite ku maphunziro othetsa mikangano pamodzi ndi kholo, ndipo khoti libwere kachitatu. Milandu yochokera m'sukulu inatsika ndi kuposa theka, ndipo omaliza sekondale anachuluka. Ku Philadelphia wachiwiri kwa mkulu wa apolisi, Kevin Bethel, anayambitsa mu 2014 ndondomeko yoti mwana wolakwa koyamba pa nkhani yaing'ono asamangidwe, koma ogwira ntchito zothandiza mabanja akayendere kwawo. Chaka choyamba kumangidwa kwa ana m'sukulu kunatsika ndi kuposa theka, ndipo patatha zaka zisanu kunali kutatsika ndi 84 pa 100. M'malo onse awiriwa apolisi sanachoke. Anangolandidwa ntchito imene sinali yawo.

Komabe malamulo atsopano akulowera kwina. Florida inalamula mu 2018 kuti sukulu iliyonse ikhale ndi mlonda wamfuti, ndipo Texas inachita chimodzimodzi mu 2023, chaka chimodzi chichitikireni za ku Uvalde. Lamulo la ku Texas linapereka madola 15,000 pa sukulu iliyonse ndi madola 10 pa mwana aliyense, ndalama zosakwana ngakhale malipiro a wapolisi mmodzi pachaka. Zotsalazo madera anayenera kuzipeza m'thumba lawo, ndipo m'dera losauka thumba limenelo ndi lomwenso amalipirira namwino, mlangizi ndi mphunzitsi wa ana ofunika chisamaliro chapadera.