Mwabvi: Mbiri ya Mtengo ndi ya Liu Lake

Mwabvi, umene akatswiri a zomera amaucha Erythrophleum suaveolens, ndi mtengo wa m'banja la nyemba monga mlombwa ndi msangu, ndipo umakonda kumera m'mbali mwa mitsinje. Mphamvu yake ili m'khungwa. Asing'anga anali kulipera ndi kupatsa wodwala mutu kuti anunkhize ufa wake, ayetsemule. Koma khungwa lomwelo lili ndi ululu umene umaimitsa mtima likamwedwa lambiri.

Tikayang'ana liuli m'zinenero zina, tipeza umwafi m'Cibemba ndi mwavi m'Ciswahili. Apwitikizi a m'cigwa ca Zambezi analibwereka nalemba muave. Kufanana kumeneku kutisonyeza kuti mwambo wa mwabvi unali wakale ndiponso wofala. António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pocokera ku Tete kupita kwa Kazembe, anaufotokoza m'buku lake la mu 1854.

Pakati pa Acewa liu limodzili linali kuchula mtengo, cakumwa ndiponso ciweruzo. Munthu woganiziridwa ufiti anali kumwa madzi a khungwa losinjidwa ndi mapondera. Akasanza, anali wosalakwa; akafa, mlandu unali wake. Pa milandu yaing'ono nkhuku kapena galu anali kumwa m'malo mwa mwini wake. Lero tidziwa kuti kusanza kunali kucotsa ululu usanalowe m'magazi, motero moyo wa munthu unali kudalira kwambiri muyeso wa mapondera.

Boma la atsamunda ku Nyasaland linaletsa mwabvi mu 1911, ndipo la ku Northern Rhodesia linakhazikitsa lamulo la zaufiti mu 1914, loletsa kuchula munthu mfiti. Malamulowa anacotsa cikho, koma mantha anatsala. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka mcape, mankhwala amene mudzi wonse unali kumwa kuti utsukidwe, ndipo mu 1947 kunadza gulu la Bwanali ndi Mpulumutsi, limene Max Marwick analifufuza pakati pa Acewa a kum'mawa kwa dziko lino.

Tiona tsono kuti maina awiriwa asunga kusintha kwa maganizo. Mwabvi ndi dzina la mtengo wopha, pamene mcape ucokera ku mneni kucapa. Anthu amene kale anali kufunafuna wolakwa mmodzi kuti afe anayamba kufuna kuti onse ayeretsedwe ali moyo, ngakhale kuti kulozana zala sikunathe.