Msundu, Chiwindi cha Galu ndi Udzu Wowola: Mbiri ya Mankhwala Oletsa Magazi Kuundana

Magazi akamaundana, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi enzaimu yotchedwa thrombin. Enzaimuyi imadula puloteni ya fibrinogen n'kuisandutsa timaulusi tolukana ngati ukonde, tomwe timatseka bala. Koma ukondewo ukalukika mkati mwa mtsempha, munthu atha kufa. Mankhwala atatu oletsa zimenezi anachokera kosiyana, ndipo amafooketsa thrombin mosiyananso.

Mu 1884, John Berry Haycraft wa ku Birmingham anapeza kuti msundu umatulutsa madzi oletsa magazi kuundana. M'zaka za m'ma 1950, Fritz Markwardt wa ku Germany anapatula puloteni yake, hirudin, n'kusonyeza kuti imakakamira thrombin mwachindunji. Mu 1990 zinaoneka kuti imagwira malo awiri: pomwe thrombin imadulira ndi pomwe imagwirira fibrinogen. Dabigatran, yemwe anavomerezedwa ku America mu 2010, amatseka podulira pokha.

Mbiri ya heparin inayamba mu 1916 ku Johns Hopkins, pamene Jay McLean, wophunzira udokotala, ankafufuza chiwindi cha galu motsogozedwa ndi William Howell. Heparin amamatirira antithrombin, puloteni yomwe ili kale m'magazi, n'kuichititsa kugwira thrombin ndi factor Xa mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 1,000. N'chifukwa chake akabayidwa mumtsempha amayamba ntchito nthawi yomweyo.

Warfarin anachokera kukhola. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinkafa ndi kutaya magazi zikadya udzu wa sweet clover wochita nkhungu. Pofika 1940, gulu la Karl Paul Link ku Wisconsin linali litazindikira chomwe chinkazipha, dicoumarol. Pamenepo ndi pomwe panachokera warfarin, yemwe anayamba ngati mankhwala ophera makoswe mu 1948, n'kuvomerezedwa kwa anthu mu 1954. Iyeyu sakhudza thrombin: amatseka enzaimu yobwezeretsa vitamini K m'chiwindi, moti chiwindicho chimapanga prothrombin ndi mafakita VII, IX ndi X opanda mphamvu.

Mafakita amene analipo kale m'magazi amatenga masiku kuti athe. Choncho wodwala amene magazi aundana mumtsempha wa m'mwendo, akamayamba warfarin, amapatsidwanso heparin kwa masiku osachepera 5, mpaka INR itafika pa 2. Rifampicin, mankhwala a TB, amafooketsa warfarin, kotero wodwala wolandira onse awiri amafunika kuyezedwa INR pafupipafupi. Akayamba kutuluka magazi m'nkhama kapena kuchita chimbudzi chakuda, atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo.